Momwe Anasonkhanitsira Madzi a Grande Dixence

Mtsinje wa Dixence ndi waung'ono. Umatuluka pansi pa ayezi wa m'mapiri kumtunda kwa chigwa cha Val des Dix, m'chigawo cha Valais kummwera chakumadzulo kwa dziko la Switzerland, ndipo usanayende mtunda wautali umakathira mu Borgne, mtsinje womwe nawonso umakathira mu Rhône pafupi ndi tauni ya Sion. Dera lonse lomwe madzi ake amatsetserekera m'chigwachi mwachilengedwe ndi masikweya kilomita 46 okha. Komatu pakamtsinje kameneka ndi pomwe anamangapo khoma lotalika mamita 285, ndipo kuseri kwa khomalo kuli nyanja ya Lac des Dix, yomwe ikadzaza imasunga malita 400 biliyoni a madzi. Kamtsinjeko pakokha kangatenge zaka zingapo kuti kadzaze nyanjayi kamodzi. Koma nyanjayi imadzaza chaka ndi chaka, n'kukhuthulidwa, n'kudzazanso.

Alendo omwe amakwera kukaona damu la Grande Dixence amajambula khoma. Sindiwadzudzula, pakuti khomalo ndi lochititsadi kakasi. Koma wofuna kuona pomwe pagona luso ayambe walifulatira khomalo n'kufunsa komwe madziwo akuchokera. Yankho lake lili m'mimba mwa mapiri, m'ngalande zamdima zomwe zonse pamodzi n'zotalika makilomita pafupifupi 100, komanso pa timakoma 75 totchera madzi, tomwe tili m'makhwawa momwe alendo ambiri safikamo.

Vuto loyamba lomwe mainjiniya ankalimbana nalo linali la nyengo. Mitsinje ya pamwamba pa mapiri a Alps siyendera mvula, imayendera dzuwa. M'miyezi yozizira, kuyambira Disembala mpaka Malichi, zogwa kumwamba zimagwa ngati chipale chofewa ndipo zimakhala pomwe zagwera; mitsinje imaphwa mpaka kutsala kamadzi kongoyenderera pansi pa ayezi. Kunja kukafunda, makamaka kuyambira Juni mpaka Seputembala, miyulu ikuluikulu ya ayezi wakalekale, ma glacier, imayamba kusungunuka ndipo makhwawa onse amasefukira. Ngakhale pa tsiku limodzi lomwe, khwawa lomwe munthu analilumpha m'mamawa limakhala litalusa pofika chakumadzulo, chifukwa dzuwa lakhala likunyambita ayezi usana wonse. Tsono magetsi amafunika kwambiri m'nyengo yozizira, pomwe usiku ndi wautali ndipo nyumba iliyonse ikufuna kufunditsidwa. Madzi amabwera pomwe safunika kwenikweni, n'kusowa pomwe akufunidwa. Lac des Dix ndi nkhokwe: amakolola m'chilimwe, n'kumatapamo m'miyezi yosowa. Imafika pakamwa chakumapeto kwa chilimwe, ndipo pofika Epulo imakhala itatsika kwambiri moti zaka zina damu lakale, lomwe linamangidwa pakati pa 1929 ndi 1935 kenako n'kumira m'nyanja yatsopanoyi, limaonetsa mutu.

Vuto lachiwiri, lomwe ndi msana wa ntchito yonseyi, linali la msinkhu. Chuma cha madzi opukusira magetsi chili pawiri: kuchuluka kwake, ndi kutalika kwa pomwe akugwera. Nyanjayi ikadzaza madzi ake amakhala pa mamita 2,364 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, pomwe Rhône m'chigwa m'munsimo ali pa mamita osakwana 500. Malita 1,000 akatsika mtunda wonsewo kudzera m'makina amapereka mayunitsi a magetsi oposa anayi. Madzi omwewo akatsika okha m'khwawa, akuomba miyala ndi kuchita thovu, mphamvu yonseyo imathera m'phokoso. Choncho lamulo la mmisiri linali limodzi: madzi uwagwire akadali pamwamba, uwayendetse cham'mbali osawalola kutsika, uwasunge pamwamba pomwepo, ndipo tsiku lowatsitsa uwatsitse kamodzi n'kamodzi. Mita iliyonse yotayika panjira ndi ndalama yotayika chaka chilichonse mpaka kalekale.

Anthu a ku Valais sanayambe kupatutsa madzi chifukwa cha magetsi. Chigwa chawo n'chimodzi mwa malo ouma kwambiri mu Switzerland monse, chifukwa mapiri a mbali zonse amatsekereza mitambo. Sion imalandira mvula pafupifupi mamilimita 600 pa chaka. Kwa zaka mazanamazana alimi akumeneko akhala akukumba ngalande zotchedwa bisse, zotenga madzi a ayezi kumtunda n'kuwayendetsa m'mbali mwa phiri kukathirira msipu ndi minda ya mpesa. Pomwe panali phompho losakumbika, ankakhoma mitanda m'thanthwe n'kupachikapo migula yamatabwa, munthu atalendewera pachingwe. Ngalande ya Torrent-Neuf ya ku Savièse inayamba mu 1430 ndipo mbali yake ya m'phompho inagwira ntchito mpaka m'ma 1930. Pa ngalande zina ankaikapo kagudumu kozungulira ndi madzi, komwe kankamenyetsa nyundo pathabwa usana ndi usiku. Mlonda akangomva zii, ankadziwa kuti kwinakwake ngalande yagumuka. Alimi amenewa ankadziwa kale zinthu ziwiri zomwe mainjiniya anadzazilemba m'masamu: kuti ngalande ikapendekeka kwambiri madzi amaidya, ikapendekeka pang'ono mchenga umaikwirira, ndiponso kuti madzi a ayezi uyenera kuyamba wawakhazika m'kadziwe kuti asiye mchenga asanalowe m'ngalande.

Tsono tiyeni tiime pa kamodzi mwa timakoma 75 tija, pakuti m'pomwe nzeru yaunjikana. Khwawa lotuluka pansi pa glacier si madzi okhaokha. Limabwera ndi miyala ikuluikulu yogubuduzika, nsangalabwi, mchenga, ndi fumbi losalala la thanthwe lomwe ayezi wakhala akupera kwa zaka zikwizikwi, lomwe limachititsa madziwo kuoneka otuwa mbuu. Mmisiri wopupuluma akanamanga khoma lotchinga khwawa lonse, ndipo chilimwe chimodzi kapena ziwiri zikanakwana kulikwirira ndi miyala. Pa makhwawa otere amachita zina. Amaika kakhoma kafupi kopingasa khwawa, ndipo pamwamba pake amayalapo mipiringidzo yachitsulo motsatira komwe madzi akulowera, yopendekera kumunsi, yosiyana mipata yaing'ono. Khwawa limadutsa pamwamba pa mipiringidzoyo osadziwa kuti latcheredwa. Madzi amagwera m'mipatamo n'kulowa m'ngalande ya pansi. Miyala ikuluikulu imagubuduzika pamwamba n'kupitiriza ulendo wake. Palibe injini, palibe munthu woimirira pamenepo ndi fosholo. Kamangidwe kameneka kanatchuka ndi dzina la dera la Tyrol, ndipo chomwe ndimakakondera n'choti sikalimbana ndi khwawa. Mphamvu yomwe ikanagumula khoma ndi yomweyo imene imasesa sefayo.

Koma timiyala ndi mchenga zimalowa nawo m'mipata muja. Madziwo amawalowetsa m'chipinda chachitali, chotakata ndi chakuya, kawirikawiri chosemedwa m'thanthwe. Madzi othamanga akafika potakata amafooka, ndipo madzi ofooka sangasenze katundu: timiyala timayamba kugwa, kenako mchenga wokhakhala, kenako wosalala. Madzi a pamwamba, omwe ayerako, amasefukira m'ngalande yopita kunyanja. Kutalika kwa chipindacho sakuganizira m'mutu ayi. Amawerengera nthawi yomwe kamchenga kamatenga kuti kamire kuchokera pamwamba kufika pansi, n'kuyerekeza ndi liwiro la madziwo. Chipinda chikafupika mchenga umadutsa. Chikatalika mopitirira, mwasema thanthwe pachabe pamalo pomwe thumba lililonse la simenti limafika movutikira. Mchenga ukaunjikana kufika pamlingo woikika, zitseko za pansi zimatseguka, pamalo ambiri popanda dzanja la munthu, ndipo madzi amakokolola zonse n'kuzibwezera m'khwawa. Chisamaliro chonsechi chili ndi chifukwa. Mchenga wa m'mapiri awa uli ndi timibulu ta quartz, tolimba kuposa chitsulo. Tikalowa m'pampu kapena m'makina opukusira magetsi timadya chitsulocho pang'onopang'ono, ndipo tikakhazikika m'ngalande ya pansi pa phiri palibe angakatichotse m'chilimwe madzi ali pakamwa.

Madzi ochokera ku timakoma tonseti amakumana m'ngalande yaikulu, yotalika makilomita 24, yomwe imayenda m'kati mwa mapiri pa msinkhu wa mamita pafupifupi 2,400, kuchokera kudera la Zermatt kummawa mpaka kukathira m'nyanja kumadzulo. Pamodzi ndi nthambi zake imasonkhanitsa madzi a dera la masikweya kilomita pafupifupi 420 ndi a ma glacier 35. Taonani kusiyana kwa manambala awiriwa: ngalande ili pa 2,400, nyanja ili pa 2,364. Pamtunda wonsewo madzi amaloledwa kutsika mamita owerengeka chabe pa kilomita iliyonse, ongokwanira kuti aziyenda okha. Zimenezi zinachitika m'zaka za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1960, kulibe setilaiti yolozera malo. Oyeza malo ankakwera nsonga za mapiri atasenza zida zawo, n'kumayeza makona kuchokera pansonga ina kufika pa inzake, kenako n'kutsitsa miyesoyo mpaka pakhomo la ngalande ndi kuilowetsa mumdima. Ngalande yaitali sankaikumba kuchokera mbali imodzi. Ankaboola timakomo m'mbali mwa phiri m'malo angapo, gulu lililonse n'kumaphulitsa thanthwe kulowera kwa anzawo omwe silikuwaona, mpaka tsiku lomwe khoma lomaliza lagwa ndipo magulu awiri aonana maso ndi maso. Kuphonya pang'ono kumanzere kapena kumanja kumakonzeka. Kuphonya msinkhu ndiye tsoka, chifukwa madzi samva zopepesa: pomwe patsika amadikha, pomwe pakwera amabwerera.

Pomwe chigwa chakuya chadula njira, ngalande singauluke. Pamenepo amatsitsa paipi yachitsulo mbali imodzi ya chigwa n'kuikwezanso mbali inayo. Malinga khomo lotulukira lili m'munsi pang'ono kuposa lolowera, madzi otsika amakankha anzawo okwera, ndipo amatulukira tsidya linalo atataya msinkhu wochepa kwambiri.

Panatsala vuto limodzi. Ma glacier akuluakulu, monga Gorner, Zmutt, Ferpècle ndi Arolla, malilime awo anali kutsika kupitirira msinkhu wa ngalande, moti madzi awo ochuluka ankatulukira m'munsi mwake. Kuwasiya kukanakhala kusiya gawo lalikulu la zokolola. Ndiye anamanga malo anayi opopera madzi: Z'Mutt ndi Stafel m'tsinde mwa phiri la Matterhorn, ndi Ferpècle ndi Arolla kumtunda kwa chigwa cha Hérens. Womva koyamba amadabwa: kuononga magetsi popopa madzi oti akapange magetsi? Masamu ake ndi osavuta. Pa Z'Mutt, pomwe pali mapampu amphamvu kuposa onse, madzi amakwezedwa mamita pafupifupi 470. Akadzatsika kuchokera m'nyanja amatsika mamita oposa 1,800. Komanso amapopa m'chilimwe, magetsi ali mbwee ndipo ndi otchipa, n'kudzagulitsa m'nyengo yozizira atakwera mtengo. Madzi a ku Ferpècle amakwera kawiri: pampu yoyamba imawaolotsera ku Arolla, ya ku Arolla n'kuwakwezanso mpaka m'ngalande yaikulu. Dontho la ku Zermatt lomwe likanakathira mu Rhône kudzera ku Visp, komwe anthu amalankhula Chijeremani, limapezeka likutulukira makilomita ambiri kumunsi, komwe amalankhula Chifalansa.

Za khoma lija tisazinyalanyaze, ngakhale nzeru yake ndi yosabisika. Madamu ambiri a m'mapiri a Alps ndi opindika, ndipo amatumiza mphamvu ya madzi m'matanthwe a m'mbali. Grande Dixence limadalira kulemera kwake kokha: matani 15 miliyoni a konkire, mamita 200 kuchindikala kwake patsinde, mamita 15 pamwamba, ndi mamita pafupifupi 700 kuchokera tsidya lino kufika tsidya lina. Mpaka lero palibe damu lina la konkire la mtundu umenewu lotalika kuliposa padziko lonse. Luso linali pa kapezedwe ka zipangizo. Miyala sanaikweze kuchokera kuchigwa. Anaitenga pamwamba pomwepo, ku Prafleuri, pa miyulu yomwe glacier anaiunjika yekha, n'kuiphwanya, n'kuitumiza pa lamba wodutsa m'ngalande ya m'phiri mpaka ku Blava komwe ankakandira konkire. Simenti yokha ndi yomwe inkachokera ku Sion, itapachikidwa pa zingwe zam'mwamba. Konkire akamauma amatentha, ndipo mulu waukulu chonchi ukanasiyidwa wokha ukanatenga zaka zambirimbiri kuti uzizire, uku ukung'ambika. Choncho ankathira m'zigawo za mamita 16, atayalamo mapaipi oyendamo madzi ozizira, kenako n'kutseka mipata ya pakati pa zigawozo. Pansi pa khoma anabaya thanthwe ndi kupopera simenti mpaka mamita 200 kuya kwake, kuti madzi asazembere kunsi. Konkire woyamba anathiridwa mu 1953, womaliza mu 1961, ndipo ntchitoyo inkatheka m'miyezi yofunda yokha.

Khomali silinaime chiimire. M'kati mwake muli tinjira totalika makilomita 32 tonse pamodzi, momwe oyang'anira amayendamo, ndipo m'zitsime zake muli zingwe zazitali zolendewera, zokhala ndi chitsulo cholemera kunsonga. Chingwe chotero chimaloza pansi nthawi zonse. Khoma likasuntha, kusunthako kumaonekera pa chingwecho. Nyanja ikadzaza, mutu wa khoma umaweramira kumunsi masentimita pafupifupi 10, ndipo ikaphwa umabwerera. Oyang'anira sachita mantha ndi kusunthako. Chomwe chingawadzidzimutse ndi chaka chomwe khomalo lingasunthe mosiyana ndi momwe limasunthira.

Anthu pafupifupi 3,000 anagwira ntchito imeneyi: alimi a m'zigwa za Valais omwe kwa ambiri aka kanali koyamba kulandira malipiro a pamwezi, ndi amuna ochokera kunja, makamaka ku Italy. Ankasinthana usana ndi usiku, pamalo okwera mamita oposa 2,000, ndipo nyumba yaikulu yomwe ankagonamo anaipatsa dzina loseka lakuti Ritz; lero ndi hotela. Fumbi la thanthwe linapha mapapo a ambiri mwa omwe ankakumba ngalande za m'mapiri a Valais m'zaka zimenezo, ena patapita zaka ntchito itatha. Mmodzi mwa aganyu a pamalopa anali mnyamata wina dzina lake Jean-Luc Godard, yemwe mu 1954 anajambula kanema wamfupi wa ntchitoyi, Opération béton, asanatchuke ngati katswiri wa mafilimu. Mutu wa kanemayo ndi konkire. Nayenso, monga alendo a lero, anakopeka ndi khoma.

Kenako pamabwera tsiku lotsitsa madzi. Poyamba ankawatsitsa m'masitepe awiri: kuchokera m'nyanja kupita ku Fionnay m'chigwa cha Bagnes, komwe amapukusa mamegawati 290, kenako madzi omwewo n'kudutsanso m'phiri kupita ku Nendaz m'mbali mwa Rhône, komwe amapukusa mamegawati 390. Mu 1998 anatsegula njira yachitatu, ya Bieudron, yomwe imatsitsa madzi kamodzi kokha, mamita 1,883. Palibe malo ena opukusira magetsi padziko lapansi omwe madzi amagwa mtunda wotere. Bieudron sanawonjezere dontho ngakhale limodzi m'nyanja. Chomwe anasintha ndi nthawi: madzi omwe kale ankatuluka pang'onopang'ono kwa maola ambiri tsopano angatuluke mwamphamvu pa maola ochepa omwe dziko lonse layatsa zinthu nthawi imodzi, ndipo makinawo amachoka poima kufika pa mphamvu zonse m'mphindi zochepa.

M'phanga la Bieudron muli magudumu atatu a mtundu wa Pelton, ndipo lililonse limapereka mamegawati 423. Gudumu limodzi lokhalo limaposa Nkula, Tedzani ndi Kapichira a pa mtsinje wa Shire mutawaphatikiza. Lester Pelton, mmisiri wa ku America yemwe ankagwira ntchito m'dera la migodi ya golide ku California, analembetsa luso lakeli mu 1880, ndipo maziko ake sanasinthe. Madzi amatuluka pa mlomo wa paipi ngati ndodo yowongoka, pa liwiro la mamita 192 pa sekondi, kutanthauza makilomita pafupifupi 690 pa ola. Pa gudumu lililonse pali milomo isanu yotere, yolavula malita 25,000 pa sekondi yonse pamodzi. M'mphepete mwa gudumu muli zikho zachitsulo, ndipo chikho chilichonse n'chogawika pakati ndi kamsana kakuthwa. Ndodo ya madzi ikafika, kamsanako kamaing'amba pawiri, theka lililonse n'kuzungulira m'mimba mwa chikho ndi kutulukira chakumbuyo komwe lachokera. Madzi omenya pa chitsulo chathyathyathya amamwazika atapereka gawo chabe la mphamvu zawo. Madzi okhotetsedwa mpaka kubwerera amapereka pafupifupi zonse.

Chinsinsi chake chili pa liwiro la gudumu. Likamazungulira pang'onopang'ono madzi amabwerera m'mbuyo ali ndi mphamvu. Likathamanga kwambiri madzi amalephera kulikankha. Mmisiri amalikonza kuti zikho ziziyenda pafupifupi theka la liwiro la madzi. Pamenepo madzi otuluka m'chikho amabwerera m'mbuyo pa liwiro lofanana ndi lomwe chikhocho chikupitira kutsogolo, ndipo kwa munthu woima pambali amakhala ngati aima. Madzi omwe kamphindi kapitako akanadula thanthwe amangogwa pansi, ofooka, n'kuyenderera kupita mu Rhône. Pa magawo 100 a mphamvu yomwe anabwera nayo, oposa 90 amatsala m'gudumu. Kunsonga kwa chikho chilichonse kuli kampata kosemedwa dala, kuti chikho chomwe chikubwera chisadule ndodo ya madzi chinzake chisanamalize kuilandira. Munthu yemwe anaganiza za kampata kameneka sanamangiridwe chipilala, koma popanda iye gudumulo likanamadzipinga lokha.

Kuimitsa makinawa n'kovuta kuposa kuwayambitsa. Madzi odzaza paipi yotalika makilomita anayi sangaime mwadzidzidzi. Mukawatsekera pakamwa amabwerera ndi nkhonya yomwe ingang'ambe chitsulo. Choncho m'kati mwa mlomo uliwonse muli singano yaikulu yomwe imatseka pang'onopang'ono, ndipo ngati gudumu liyenera kumasulidwa msanga, kachitsulo kena kamalowa kutsogolo kwa mlomo n'kupatutsa madziwo kuti aphonye zikho, uku singano ikutseka mosapupuluma. Kumtunda, ku Tracouet, kuli chitsime chosemedwa m'phiri momwe madzi obwerera amakwera ndi kutsika mpaka atakhazikika.

Kuti msinkhu wotere si masewera zinaoneka pa 12 Disembala 2000. Paipi yaikulu ya Bieudron inang'ambika pansi pa phiri, madzi anaboola nthaka n'kukokolola mitengo, minda ndi nyumba pafupi ndi mudzi wa Fey, ndipo anthu atatu anafa. Ofufuza anapeza ming'alu m'malo owotcherera chitsulo cholimba kwambiri chomwe anasankha. Kukonza kunatenga zaka: analowetsa paipi ina m'kati mwa yakaleyo, pamalo pomwe panang'ambika n'kukumba njira yolambalala, ndipo makina anayambanso kuzungulira mu Januwale 2010. M'ntchito yomwe kulemera kwake ndi matani mamiliyoni, chomwe chinagonja ndi mzere wa wowotcherera, wopapatiza kuposa chikhatho.

Nanga mitsinje? Apa m'pomwe kusirira kwanga kumapunduka. Sefa yabwino ija imatenga madzi onse omwe ngalande ingalandire, ndipo kumunsi kwa timakoma tambiri khwawa limatsala miyala yokhayokha kwa maola kapena masiku. Kenako zitseko za mchenga zimatseguka. Madzi saiwala khwawa: amabwerera mwadzidzidzi, akuda ndi matope, dzuwa likuswa mtengo, ndipo n'chifukwa chake m'mbali mwa makhwawa amenewa muli zikwangwani zochenjeza anthu kuti asasewere m'menemo ngakhale mukuoneka mouma. Madziwo amakhala ochepa moti sangapititse mchengawo patali. Amausiya panjira, ndipo pansi pa khwawa pamakwera chaka ndi chaka. Akatswiri a pa yunivesite ya Lausanne omwe akhala akufufuza mtsinje wa Borgne d'Arolla anapeza kuti m'chilimwe, pomwe zitseko zimatseguka pafupipafupi, tizilombo ta m'madzi timatsala pang'ono kutheratu, ndipo kubwezera madzi ochepa m'khwawa pakokha sikungathetse vutoli ngati katayidwe ka mchenga sikasintha. Kumunsi nako Rhône amakwera ndi kutsika motsatira mtengo wa magetsi, osati nyengo, zomwe zimasokoneza nsomba poswana. Amisiri a m'ma 1950 anafunsidwa funso limodzi, la momwe angasungire mita iliyonse ndi lita iliyonse, ndipo analiyankha mokwanira. Funso la zomwe zitsale m'khwawa panalibe anawafunsa. Lamulo la dziko la Switzerland loteteza madzi, lomwe limalamula kusiya madzi ena mumtsinje, linabwera mu 1991, ndipo limagwira mokwanira chilolezo chikamaperekedwa mwatsopano.

Gwero lenilenilo nalo likusintha. M'zaka ziwiri zokha, 2022 ndi 2023, ma glacier a ku Switzerland anataya gawo limodzi mwa magawo khumi a ayezi wawo. Pakadali pano kusungunukako kukubweretsa madzi ambiri, nthawi zina oposa omwe ngalande ingalandire, komanso mchenga wambiri, chifukwa ayezi akabwerera m'mbuyo amasiya poyera miyulu ya zomwe anapera. M'tsogolo madziwo adzachepa ndipo adzayamba kubwera msanga m'chaka. Pomwe lilime la Gorner linali kale pali dzenje lalikulu, ndipo pali ganizo lomangapo damu lina, Gornerli, lotalika mamita pafupifupi 85, losunga malita 150 biliyoni omwe angadzalowe m'ngalande zomwe zilipo kale. Ena ku Zermatt akuti liteteza tauni yawo ku madzi osefukira. Oteteza chilengedwe akuti liononga malo omwe munthu sanawakhudzepo.

Lero Grande Dixence imapereka mayunitsi pafupifupi 2 biliyoni pa chaka, ndipo nyanja yake imasunga gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu yonse yosungidwa m'madamu a dzikolo. Eni ake ndi makampani anayi, Alpiq ali ndi gawo lalikulu. Koma madziwo si awo. Ku Valais madzi a m'zigwa za m'mbali ndi a makhonsolo a midzi, omwe anawabwereketsa kwa zaka 80 ndipo amalandira msonkho chaka chilichonse. Chilolezocho chidzatha mu 2044. Chaka chimenecho damu ndi ngalande zidzabwerera m'manja mwa midziyo, ndipo aliyense wofuna kupitiriza kupukusa magetsi adzayenera kusiya madzi ena m'makhwawa monga mwa lamulo la 1991.